Chaka Chomwe Tinkaweta Chiswe mu Mphika

Mphika uja unali wakuda bii, wong'aluka kuchokera kukamwa mpaka pamimba, ndipo mayi anali atauchotsa kale pa ntchito yophika nyemba. Koma sanautaye. Mayi sankataya kanthu. Ngakhale kachigamba ka nsalu ankakatsomeka kudenga kuti kadikire tsiku lake. Mphikawo unkangokhala kuseri kwa nkhokwe, abuluzi akuwothera dzuwa pamwamba pake. Ndikatseka maso lero ndimaumvabe kulemera kwake pa nkhata yanga, fungo lake la ndowe zonyowa, ndi kaphokoso ka m'kati mwake kongoti waaa, ngati mvula yowaza pa udzu wouma.

Ndinali mu Sitandade 3 chaka chimenecho, kumudzi kwathu kumapiri, kumtunda kwa msewu wopita ku Lizulu. Bambo anali ku migodi ku Joni. Ananyamuka mng'ono wanga ali wakhanda, ndipo ife tinkawadziwira pa bulangete lofiira lomwe anatumiza. Pakhomo tinalipo ine, mayi, mng'ono wangayo, ndi amalume, mlongo wawo wa mayi wamng'ono, amene anali asanakwatire. Iwo ankagona m'kanyumba kawo pambali pa khola la ng'ombe, ndipo anali munthu woti nzeru zatsopano zinkawabwerera m'mawa uliwonse, zambiri mwa izo zosathandiza.

Chilimwe chitafika pachimake, mng'ono wanga anasiya kuyenda. Anali atayamba kale kuthamangitsa ana a mbuzi pabwalo, koma tsopano ankangokhala pamene wamuikapo. Mapazi anatupa, ukadina ndi chala pankatsala kadzenje. Tsitsi linafiira n'kufewa ngati ndevu za chimanga. Sankalira mokweza ayi, ankangonyinyirika, ndipo ngakhale amalume atavina chotani pamaso pake, iye ankangotembenukira kukhoma. Mayi anamubereka kupita naye kusikelo, ndipo pobwera ankabwereza mawu a anamwino ngati kuti akuopa kuti awataya panjira: dzira m'phala, dzira tsiku lililonse. Koma dziralo akanalitenga kuti? Chitopa chinali chitangosesa mudzi wonse. M'mawa kunkacha popanda tambala wolira.

Sabata yomweyo kunabwera azakhali, mlongo wawo wa bambo, kuchokera kutsidya kwa mtsinje, kamtolo kali pamutu. Anamuyang'ana mwana mapazi, anawayang'ana mayi kumaso, n'kunena liwu limodzi lokha: tsempho. Kwathu anthu ankakhulupirira kuti mwana akatupa chotero ndiye kuti kholo layenda njira zosayenera, ndipo matendawo amalowera mu mchere umene kholo lotero lathira m'ndiwo. Bambo anali kutali, choncho chala chinaloza mayi. Azakhali anamasula kamtolo kawo n'kunena kuti sachoka mpaka aone mathero ake, ndipo ngati mwana sachira, uthenga upita ku Joni. Analamulanso kuti mayi asakhudzenso mchere. Ndiwo zikapsa, ankaitana ine kuti ndidzathire.

Zonsezi ndikuzilongosola ndi nzeru za lero. Nthawi imeneyo ine ndinangoona kuti ndakwezedwa pa udindo. Ndinkayenda ndi chikho cha mchere monyang'wa, ndipo ndinauza anzanga kusukulu kuti kwathu ndiwo sizipsa popanda ine.

Mayi sanakangane ndi munthu. Anangouza amalume kuti akumbe mbatatesi za kudimba. Amalume anabwereka njinga, anamangirira thumba, ndipo madzulo anabwera kuchokera ku Lizulu ndi mathadzi atatu akuda, onenepa, a mtundu uja anthu ankati wa mikolongwe. Analowa m'mudzi akuliza belu ngati abweretsa mkwatibwi. Aphunzitsi athu, amene ankaweta nkhuku zoterezi kuseri kwa nyumba ya sukulu, anatichenjeza kuti tisazimasule chifukwa chitopa chinali chisanathe. Tinamanga kakhola ka bango ndi nsungwi, tinaika dengu lakale lokhala ndi udzu, ndipo tinkazipatsa madeya m'mawa ndi madzulo.

Masiku oyamba zinaikira. Kenako zinaleka, zonse zitatu, ngati zapangana. Zinayamba kujomphana, kuzulana nthenga n'kumameza, mpaka imodzi inatsala ndi khosi losalala ngati la muimba. Mayi ankapita kudengu kangapo pa tsiku, kupisa dzanja m'udzu, n'kubwerako chimanjamanja. Azakhali ankangoti, "Hmm," ali pamkeka, mwana ali pamiyendo pawo. Ndiyenera kunena chilungamo: mwanayo ankamukonda. Ankamutafunira mbatata, ankamuimbira. Kungoti chikondi chawo chinali ndi minga.

Kusukulu nthawi imeneyo tinkaloweza magulu atatu a zakudya: zopatsa mphamvu, zomanga thupi, ndi zoteteza ku matenda. Tinkazinena mokuwa, tikumenya madesiki, osaganiza n'komwe kuti zili ndi ntchito kunja kwa mayeso. Tsiku lina titaweruka ndinawauza aphunzitsi za nkhuku zathu, ndipo iwo anabwera kudzaona, choko chili m'manja ndi pa buluku. Anasuzumira m'khola, anagwira madeya aja, n'kutembenukira kwa amalume.

"Inu, atakupatsani nsima yopanda ndiwo mwezi wathunthu, mungalime?"

"Ndingasamuke, aphunzitsi," anatero amalume.

"Ndiye izi zilibe kosamukira. Nkhuku nayonso imafuna ndiwo."

Anafotokoza kuti nkhuku yoyenda payokha imadzipezera ndiwo zake, kachiwala apa, nyongolotsi apo, koma ukaitsekera, ntchito imeneyo yasanduka yako. Dzira limapangidwa ndi zomanga thupi, ndipo madeya okha sangalipange. Mawu amenewo anakhala nyimbo ya pakhomo pathu. Amalume akafuna kuwonjezera ndiwo m'mbale mwawo ankangoti, "Nkhuku nayonso imafuna ndiwo."

Apa ndi pomwe panayambira chisangalalo cha nyengo imeneyo, pakuti tonse tinasanduka osaka ndiwo za nkhuku. Ine ndi anzanga tinayamba ndi ziwala. Tinkathamanga m'mapesi ndi nthambi m'manja, miyendo itayera ndi fumbi, koma chilimwe ziwala n'zochepa, ndipo ndisaname, zonona zinkathera pa makala tisanafike kunyumba. Nyemba ndi mtedza zomwe zinatsala zinali za mbewu, mayi anazimata m'mtsuko ndi dothi. Amalume anapeza njira ina ku Lizulu. Kumsika kunali bambo wina wachisilamu, wa kachisoti koyera, wogulitsa usipa wouma. Amalume ankamuthandiza kutsitsa madengu, ndipo iye atamva za mwana wodwala, ankawasesera fumbi la pansi pa dengu, timitu ndi timichira, n'kuwakulungira m'pepala. Nkhuku zinkalilandira ndi manja awiri, zikanakhala ndi manja. Koma kaphukusiko kankabwera tsiku la msika lokha, ndipo kankatha tsiku lomwelo.

Mphika uja unalowa m'nkhaniyi mwangozi. Mayi anali atatola ndowe za ng'ombe zoti amatire lichero ndi madengu, koma mwana anawasokoneza, choncho anaziunjika kuseri kwa nkhokwe pamodzi ndi zitsononkho zomwe zinali pomwepo, anawaza madzi kuti zisaumitsitse, n'kuvundikira ndi mphika wong'alukawo. Anaiwala. Patapita masiku anandituma kuti ndikatenge. Nditavundukula ndinakuwa. Ndowe zija zinali zitasanduka chisa, ndipo m'kati monse munali chiswe, choyera mbee, chonona, chikuyenda piringupiringu. Ndinathamanga kukanena kuti ndowe zawonongeka. Mayi anabwera, anayang'ana, kenako anakokolola zonse ndi manja n'kukakhuthula m'khola.

Sindinaonepo nkhuku zikudya chotero. Zinaiwala udani wawo wonse. Milomo inkangoti jo jo jo, miyendo ikupalasa, fumbi lili kobo. Ya khosi losalala ija inkachita kudumpha ndi miyendo yonse iwiri. Mayi anagwira bango la khola n'kuseka, kuseka kwenikweni kotulutsa misozi, koyamba chibwerereni azakhali. Amalume anafika mochedwa, anamva nkhani yonse, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utadziwa kuti iwo atulukira njira yoweta chiswe.

Anadziika okha kukhala kapitawo. Anayenda khomo ndi khomo kupempha miphika yosweka, ndipo amayi a m'mudzi ankawapatsa akuseka, ena akufunsa ngati ndiyo katundu wolowera m'banja. Tinaphunzira kachitidwe kake mwa kulakwitsa. Ndowe zikhale zouma, uzinyenyanyenya, usakanize ndi zitsononkho ndi timapesi, uwaze madzi pang'ono osati kunyowetsa, utseke kukamwa ndi udzu kuti zisakhuthuke, kenako uvundikire pamene pali njira ya chiswe, n'kuphimba ndi nthambi kuti dzuwa lisatenthe. Ukachedwa kukatenga dzuwa n'kukwera, chiswe chimatsikira pansi ndipo umapeza mphika wopanda kanthu.

Koma amalume anali aulesi pa kuyenda. Anati palibe chifukwa chopitira kutali pamene chiswe chili paliponse, ndipo anandandalika miphika yonse m'mbali mwa khoma la kanyumba kawo, kuti azingoti akadzuka n'kuvundukula. Mayi anawachenjeza kuti munthu saitanira mlendo wotere pakhonde. Iwo anati akudziwa chomwe akuchita. Chiswe chinabweradi, chinadya za mu mphika, ndipo chitaona kuti pakhomopo n'pa anthu aufulu, chinakwera khoma mpaka kudenga. Kudengako n'kumene amalume ankatsomeka khadi lawo la chipani. Masiku amenewo popanda khadi sunkalowa mumsika. Pachipata pankaima anyamata oliona. M'mawa wa tsiku la msika tinangomva kukuwa. Amalume anatuluka atanyamula kachidutswa kakang'ono ngati chikhadabo, kotsalako kali dothi lokhalokha.

"Walira mvula walira matope, achimwene," anatero mayi, akubisa kumaso ndi nsalu.

"Chiswe ichi n'choukira boma," anatero amalume monong'ona.

"Khalani chete inu! Pakamwa panupa padzatigwetsera m'mavuto."

Anayang'ana uku ndi uku, onse awiri, kenako anaphulika kuseka mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Ine ndinaseka nawo osadziwa kuti choopsa chili pati. Zotsatira zake zinali zakuti amalume anakhala milungu ingapo osaponda mumsika, fumbi la usipa linatha, ndipo nkhuku zathu zinatsala ndi chiswe chokha basi.

Tinasamutsira miphika ku chulu chachikulu cha kumapeto kwa munda wathu, pansi pa mtengo wa msuku. Amalume, pofuna kubwezera, anabwera ndi khasu kuti agumule chulu chonse, atape chiswe chodzaza dengu, ndi kupha make chiswe amene amakhala pansi. Mayi anawalanda khasulo. Anati mukagumula lero nkhuku zikhuta lero, nanga mawa mudzatapa kuti? Anati chulu n'chimodzimodzi ng'ombe ya mkaka, umakama, sumapha. Ndakhala pa misonkhano yambiri ya ulimi pa moyo wanga, ndamva mawu ataliatali onena za kusamala za mawa, koma onse amangobwerera pa khasu limene mayi analanda tsiku lija.

Kuyambira pamenepo ntchito inali yanga. Ndinkadzuka kukangoyera, mame akuzizira kumapazi, nkhungu ili m'zigwa, utsi woyamba ukutuluka m'madenga. Ndinkavundukula mphika umodzi, kuutembenuza msanga, kuusenza, ndi kusiya ina kuti idikire masiku ake. Agang'a, asilikali a m'chulu a mitu yofiira aja, ankandiluma zala mpaka magazi, ndipo ndinkafika kusukulu ndikununkha ndowe. Anzanga anandipatsa dzina loti mayi wa chiswe. Sindinadandaule. Nkhuku zinkandidziwa, zikangoona mphika pamutu panga zinkathamangira kuchitseko zikulira. Nthenga zinayamba kumera, zakuda zonyezimira mobiriwira padzuwa, ndipo kanyama ka pamutu pa nkhukuzo kanafiira psuu.

Dzira lokha ndi limene linkachedwa. Mayi ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ndinkawaona akupisa dzanja m'dengu ngakhale pamene angopisamo kumene. Mwana anali chimodzimodzi, wolemera ngati thumba lonyowa. Azakhali anayamba kufunsa za munthu wina wa kutsidya amene ankayembekezeka kupita ku Joni.

Dziralo linabwera tsiku la Sabata, tikukonzeka kupita ku tchalitchi. Ya khosi losalala ija, imene tonse tinkainyoza, inayamba kutetera mokweza ngati ikulengeza maliro a mfumu. Ndinathamanga nditavala nsapato imodzi. Dzira linali m'udzu, lofiirira, lofunda, ndipo ndinalinyamula ndi manja awiri mpaka kukhitchini ndikuyenda ngati ndasenza madzi odzaza. Azakhali anati mwana sadya mazira, amadzadwala khunyu, ndi mwambo umene aliyense akuudziwa. Mayi anaswa dziralo pa mkombero wa poto, pamaso pawo, analithira m'phala la mgaiwa, anatakasa, n'kukhala pansi ndi mwana. Ku tchalitchi tinafika ulaliki uli pakati.

Kenako nkhuku zonse zitatu zinayamba kuikira. Tsiku lina mazira awiri, tsiku lina atatu, tsiku lina limodzi, koma dengu silinakhalenso lopanda kanthu. Makoko ake mayi ankawawotcha, kuwasinja, n'kubwezera m'madeya monga anatiuzira aphunzitsi. Kuchira kwa mwana sikunabwere ndi ng'oma. Poyamba anaonda, kutupa kutaphwa, mpaka ndinaopa kuti zaipiraipira. Kenako anayamba kulirira phala. Kenako tsiku lina amalume akudutsa ndi miphika yawo, anapunthwa, mphika umodzi n'kusweka, chiswe n'kuwakwera m'buluku. Anavina gule amene sanaonekepo chiyambire, akudzimenya ntchafu, ndipo kuchokera pamkeka tinamva kamawu kakuti kikiki. Tonse tinaima. Amalume anapitiriza kuvina, agang'a akuwaluma, misozi ili m'masaya, kuti mwanayo asaleke.

M'mawa mwake ndinapeza mulu wa zitsononkho ndi ndowe zouma pafupi ndi miphika yanga, wosanjidwa bwino. Palibe ananena kuti waika ndani. Koma azakhali anali ndi ndowe m'zikhadabo.

Mvula yoyamba inagwa masana, yamphamvu, ya fungo la dothi lotentha. Itakata chakumadzulo, chulu chathu chija chinatsegula makomo. Ngumbi zinatuluka ngati utsi, mapiko akunyezimira pa dzuwa lolowa, ndipo mudzi wonse unathamangira kumeneko ndi mabeseni, malichero ndi nthambi. Ana tinkadumpha, kuwakha, kuponya m'kamwa zamoyo. Agalu ankalumpha, achule ali pansi kudikira zawo. Chikhala kuti amalume anagumula chulu chija, bwenzi tikungoonerera za eni ake. Tinadzaza ndowa. Mayi anakazinga, anayanika, anapeta mapiko, n'kugawa patatu: zathu zodyera nsima, zosinjira m'phala la mwana, ndi zosungira nkhuku masiku amene mvula idzalepheretse miphika. Gawo lachitatulo linawapweteka amalume mumtima. Anaima pakhola akuonerera ngumbi zokazinga zikulowa m'milomo ya nkhuku, n'kunena kuti pa dziko lino chilungamo chinatha.

Pa chipwirikiti cha ngumbi chija m'pamene mng'ono wanga anaimirira. Palibe anamuona akudzuka. Tinangomuona ali pakati pa bwalo, timiyendo tili tang'atang'a, akuthamangitsa ngumbi imodzi yomwe inathothoka mapiko. Anagwa, anadzuka, anaigwira, n'kupita nayo kwa azakhali kukawaonetsa. Azakhali anamunyamula, anamugwira mapazi, anadina ndi chala. Panalibe kadzenje. Anadinanso phazi linalo. Kenako anamutsitsa n'kulowa m'nyumba.

Tsiku lotsatira mayi anaphika nyemba ndi nkhwani, zoyamba za kudimba. Zitapsa ndinapita ndi chikho changa cha mchere monga mwa masiku onse, koma azakhali anandigwira mkono pakhomo la khitchini. Anandilanda chikhocho, anagwada, azakhali amene sindinawaonepo akugwadira munthu, n'kuchipereka kwa mayi ndi manja awiri.

"Thirani, alamu," anatero. "Ndiwo ndi zanu."

Mayi anachiyang'ana chikhocho nthawi yaitali. Anatapa, n'kuthira. Anatapanso, n'kuthira. Ndipo anathiranso kachitatu. Ndiwo za tsiku limenelo zinali zowawa mchere moti lilime linkachita kuuma. Amalume, amene ankadandaula ngakhale madzi akumwa, anadya mwakachetechete n'kupempha zina. Azakhali anakombeza mbale ndi chala. Mayi ankadyetsa mwana, akuseka, uku akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu, n'kumati ndi utsi, pamene moto unali utazima kalekale.

Ine ndekha ndi amene ndinakwiya. Ndinakankha mbale, ndinanena mokweza kuti mayi sadziwa kuthira mchere, kuti ine ndinkathira bwino, ndipo si chilungamo kundichotsa ntchito popanda cholakwa. Onse anaseka mpaka kutsamwa, ndipo kuseka kwawoko kunandikwiyitsa koposa. Ndinatuluka kukakhala kuseri kwa nkhokwe pafupi ndi mphika wanga, ndikudabwa kuti anthu akuluakulu angasangalale bwanji chotero ndi ndiwo zowonongeka.